Kudziwa Ndi Ngongole

Funso limene ndifuna tisinkhesinkhe, anzanga, ndi ili: kodi munthu wodziwa choona chowawa ayenera kuuza anthu amene alibe pothawira? Funsoli landipeza m'phunziro la biochemistry, limene ife ofuna udokotala timayamba nalo tisanakhudze wodwala.

Kwathu ku Kasiya timalima mtedza. Mtedza ukachita chinyezi umagwidwa ndi chuku chotchedwa Aspergillus flavus, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni, dzina lake aflatoxin. Poizoniyu anadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa chodya chakudya cha mtedza. Akalowa m'thupi, chiwindi chimayesa kumuchotsa ndi ma enzyme ake a cytochrome P450, koma poteropo chimamusandutsa chinthu choopsa koposa, chimene chimamatirira ku DNA n'kuononga jini ya p53, mlonda wotchinjiriza khansa. Munthu akakhala kale ndi hepatitis B, ngoziyo imakulirakulira. Kuphika ngakhale kukazinga sikumutha poizoniyu.

Tsono taonani zochitika pakhomo. Mtedza wokhwima ndi wosalala umapita kumsika, pakuti ndiwo uli ndi mtengo. Wofota ndi wothimbirira umatsala, n'kusinjidwa nsinjiro zotendera nkhwani ndi zothira m'phala la mwana. Wogula wakutali atetezedwa, mwini munda adya zotsala.

Ena amati ndi bwino kukhala chete. Akuti mayi amene alibe nyama kapena mazira, ukamuopseza ndi nsinjiro, wamulanda ndiwo imodzi yokha imene imakuza mwana wake, ndipo njala imapha msanga kuposa khansa. Mawuwa ali ndi nzeru ndithu, sindiwapeputsa.

Komabe ine ndikuti chifundo chotere chili ndi chipongwe mkati mwake. Ndikabisa, ndiye kuti ndagamula ndekha kuti mayiyo sangathe kusenza choona, ngati kuti nzeru zinathera m'kalasi. Chikhalirecho ndi iye amene amadziwa kusankha mbewu ndi kusunga nkhokwe kuposa ine. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa ndi chimanga cha chuku. Kodi abale awo akanathokoza munthu amene anadziwa n'kukhala duu? Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Koma mnansi satsina khutu n'kuthawa. Chenjezo lopanda njira ndi nkhanza chabe. Njira zilipo, ndipo sizilira ndalama zambiri: kukumba mtedza pa nthawi yake, kuuyanika mpaka uume gwa, kuleka kuuwaza madzi pofuna kufewetsa makoko poswa, ndi kutaya njere zowola m'malo mozisinja. Akatswiri a ku Chitedze akhala akuphunzitsa zimenezi.

Choncho yankho langa ndi lakuti tinene, koma tinene titanyamula njira m'manja, m'Chichewa chomveka, titakhala pamphasa osati titaimirira. Amene anagulitsa mtedza kuti tilipire sukulu sanatitume kukaloweza mayina a ma enzyme kuti tikhoze mayeso basi. Chimene taphunzira ndi ngongole, ndipo eni ake ali kumudzi.