MOTO WA MAKALA PA GOMBE LA NYANJA

Kuwerenga: Yohane 21:1-17 ndi Yohane 18:15-27



Tikamaganizira Yesu wouka kwa akufa, timamuona mu ulemerero, akulowa m'nyumba zitseko zili zotseka. Koma Yohane akutionetsanso chinthu china chimene ambiri timachilumpha powerenga. Tsiku lina mbandakucha, pa gombe la nyanja ya Tiberiya, ophunzira asanu ndi awiri amene anachezera usiku wonse osagwira kanthu anapeza moto wa makala, nsomba zili pamoto, ndi mkate. Wophika anali Ambuye mwini. Manja aja a zipsera za misomali ndiwo anagawa chakudya. Inu mayi amene mumakupiza mbaula madzulo alionse ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika, ndi inu amene mumasonkhezera nkhuni pa mafuwa ku Madzimoyo ndi ku Katete, dziwani kuti ntchito yanuyo Mbuye wanu anaigwirapo.

Yohane akutchula moto wa makala kawiri. Woyamba uli pa mutu 18, pabwalo la mkulu wa ansembe, pamene Petro anali kuotha ndipo anakana Mbuye wake katatu. Wachiwiri ndi uwu wa pa gombe. Pa moto woyamba Petro anagwa, pa wachiwiri anadzutsidwa. Tiyeni tione zinthu zitatu zimene Yesu anachita pa moto wachiwiriwu.

Choyamba, anayamba wawadyetsa

Yesu anali ndi mlandu ndi Petro, ndipo sanaubise. Anamufunsa katatu ngati amamukonda. Koma Yohane akunena kuti mafunsowo anadza atatha kudya. Ife kawirikawiri timatembenuza. Mwana akalakwa timamumana nsima. Bambo akatikhumudwitsa timavundikira mbale ndi kukagona osayankhula. Chakudya timachisandutsa chikwapu.

Ndikuuzeni za m'nyumba mwanga. Chaka china mwana wanga wamwamuna anagulitsa matumba athu a nsawa ife osadziwa, nathawira ku Lusaka. Anatha miyezi isanu ndi itatu osatumiza ndi mawu omwe. Madzulo ena ndinangomuona waima pa mpanda, atawonda, nsapato zitang'ambika. Mawu amene ndinasunga mumtima miyezi yonseyo anafika pakhosi. Koma pamoto panali madzi a nsima. Ndinawonjezera madzi, ndinawonjezera ufa. Ndiwo zinali chibwabwa chotendera basi. Anasamba m'manja, anatema mbamu ziwiri, yachitatu inakanika kutsika chifukwa cha misozi. Anayamba yekha kuulula. Mlandu tinaukamba, bambo ake anamudzudzula, ndipo anagwira maganyu kubweza zina mwa ndalamazo. Ndikhulupirira kuti ndikadayamba ndi pakamwa, akadabwerera pa mpanda pomwepo.

Sindikunena kuti tchimo tizilikwirira ndi nsima. Ndikunena kuti munthu wanjala ndi wamanyazi samva uphungu. Mudyetseni, kenaka mukambe.

Chachiwiri, anawauza abweretseko nsomba zawo

Chakudya chinalipo kale, komabe Yesu anawapempha kuti atengeko zina mwa nsomba 153 zimene anagwira. Anafuna kuti aliyense akhale ndi mbali pa chakudyacho. Amayi ambiri tatopa chifukwa tikusenza khitchini tokha, pamene ana akuluakulu ali pa foni. Mutu umodzi susenza denga. Mwana wamng'ono asadzule masamba, wamkulu asinje nsinjiro mu mtondo, wina apite ku chigayo, wina atsuke mapoto. Anyamata nawonso aphunzire kugwira mthiko. Ngati Ambuye wa ulemerero anaotcha nsomba, mwana wanu wamwamuna sachepa pophika nsima. Tsiku limene adzapite ku koleji, kapena mkazi wake akadzagona m'chipatala, adzakuthokozani.

Nthawi imene manja akugwira ntchito pamodzi ndiyo nthawi imene mwana amamasuka. Pa Deuteronomo 6:7 tikulamulidwa kuphunzitsa ana mawu a Mulungu tili khale m'nyumba zathu. Kodi tidzawaphunzitsa liti ngati wina wadya chipisi pa chiwaya cha pamsewu, wina watengera mbale kuchipinda, wina akudya maso ali pa TV? Mtsikana amene akuvutitsidwa ndi mwamuna wina panjira ya kusukulu sadzabwera kudzagogoda kuti akuuzeni. Mudzazindikira poona kuti lero wangotema mbamu imodzi nasiya. Koma mungazindikire bwanji ngati simudyera pamodzi?

Chachitatu, anawapatsa chakudya chawamba

Pa gombe paja panali nsomba ndi mkate, chakudya cha masiku onse cha asodzi a ku Galileya. Ena mwa ife timachita manyazi ndi ndiwo za kudimba, ngati kuti banja lodalitsika ndi lokhalo limene likudya soseji ndi nkhuku za mufiriji. Werengani Miyambo 15:17. Pamenepo tikuphunzira kuti ndiwo zamasamba pakhomo pa chikondi ziposa nyama yonona pakhomo pa udani.

Mulungu anatipatsa zambiri kuno kummawa. Nsawa za Chalimbana zimadziwika dziko lonse, koma nyumba zina zimagulitsa zonse osasiyako ndi lichero limodzi la ana. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti m'Zambia ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Nsima yokha imakhutitsa koma simakulitsa mwana. Nsinjiro m'phala la mgaiwa, nyemba, khobwe, kapenta wosinja, dzira, maungu, kalembula ndi bonongwe, izi ndizo zimamanga thupi. Masamba tisawaphike mpaka kufiira, ndipo soda tichepetse chifukwa amaononga zina mwa zofunika m'masambamo. Nthawi ya dzinja, pamene chibwabwa ndi masamba a khobwe zili mbwee, tifutse, tiyanike, tisunge mfutso monga ankachitira agogo athu. Mu Okutobala ndiwo zikakwera mtengo ku Saturday Market, mudzaseka.

Sitinaiwale chilala cha 2024, pamene boma linalengeza mu February kuti dziko lili pa tsoka. Chimanga chinauma chisanabereke, magetsi ankazima nthawi yaitali, ndipo nyumba zambiri zinkagona ndi kapamela kamodzi ka ufa. Amene anali ndi mfutso, chinangwa kapena mbatata anapumako. Mayi amene lero muli ndi ufa wodzaza dzanja limodzi lokha, kumbukirani mkazi wamasiye wa ku Zarefati pa 1 Mafumu 17. Mulungu sanamupatse nkhokwe yodzaza. Anamupatsa zokwanira tsiku lililonse kufikira mvula inagwa. Ndipo ife a Chigwirizano tisadikire kuti mnzathu achite kupempha. Utsi ukapanda kufuka pakhomo pake masiku awiri, tipiteko ndi mbale ya ufa.

Chenjezo

Pali tchimo limene limabisala m'khitchini, ndipo ndiyenera kulitchula. M'nyumba zathu zambiri muli ana amasiye a abale athu, muli ana opeza, muli mtsikana wantchito. Kodi amadya zimene ana athu akudya? Kapena iwo ndi a makoko ndi msuzi, pamene nthuli zapita kwa obereka tokha? Yesu anagawira onse, Petro womukana ndi Tomasi wokayika yemwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chipande chimene chili m'dzanja lanu Mulungu amachiona.

Ndiponso ndisalemetse mtolo wa amayi amene amaweruka mochedwa ku ntchito, kapena amachokera ku msika kutada. Chipulumutso sichichokera mu mphika. Marita anatanganidwa ndi zophika mpaka anayamba kudandaulira Ambuye, pamene Mariya anakhala pansi kumvetsera. Ngati simungathe masiku onse, sankhani masiku awiri kapena atatu pa sabata akuti banja lonse likhale pa mphasa imodzi, mafoni ali patali, mupemphere, mudye, mufunsane za tsikulo. Nyemba mukhoza kunyika usiku kuti zipse msanga ndi makala ochepa.

Kuyambira pamene Uthenga unafika ku Magwero mu 1899, amayi a mpingo uno akhala akuphikira misonkhano, maliro, maukwati ndi alendo. Timadziwa kuphikira khamu. Tisalole kuti a m'nyumba mwathu akhale omalizira kulawa chikondi chathu. Madzulo ano, pokoleza moto, dzifunseni kuti: ndani m'banja langa ali ngati Petro, wamanyazi, woopa kuyandikira? Muikireni mbale.

Tipemphere

Ambuye Yesu, Inu amene munakonzera ophunzira anu chakudya pa gombe, dalitsani mbaula zathu ndi mafuwa athu. Tikhululukireni pamene tamana ena chakudya chifukwa cha mkwiyo kapena tsankho. Patsani ufa nyumba zimene mulibe, bwezani ana athu osochera, ndipo mukhale nafe pa mphasa pamene tikudya. M'dzina lanu tapempha. Amen.