Ubwino wa Nsapato ya Wopalasa Njinga Uli Pati?

Chinthu chimatchedwa chabwino chifukwa chiyani? Yankho limodzi lakale, lomwe Plato analiika pakamwa pa Socrates m'gawo loyamba la buku la Republic, ndi lakuti chilichonse chili ndi ntchito yake imene chimaigwira kuposa china chilichonse, ndipo ubwino wake wagona pa ntchitoyo. Nthambi ya mpesa ungaidule ndi mpeni uliwonse, koma umene unasulidwira ntchito imeneyo ndiwo umadula bwino. Tikatsata maganizo amenewa, nsapato yoposa zonse kwa wopalasa njinga ndi ya mpikisano wa pamsewu wa tala. Kunsi kwake nkouma gwa, nthawi zambiri kopangidwa ndi kaboni kuti isapindike, ndipo kuli kachipangizo ka pulasitiki ka makona atatu, komangidwa ndi mabawuti atatu, kamene kamakola pa pedulo kuti phazi lisachoke. Kampani ya ku France ya Look ndiyo inatchukitsa kakoledwe aka mu 1984, ndipo mu 1985 Bernard Hinault anapambana Tour de France kachisanu akupondera mapedulo amenewa.

Mavuto amayamba munthuyo akatsika panjinga. Kachipangizo kaja kamatulukira kunja, motero zala zimaloza m'mwamba, chidendene pansi, munthu wamkulu nkumayenda ngati bakha. Pa matailosi kapena simenti yopolishidwa amaterereka, pa miyala pulasitikiyo imadyeka mpaka kuleka kukola bwino. Ena amayenda ndi tizovundikira ta labala m'thumba toti akavale pofuna kulowa m'sitolo. Nsapato yafika pofuna nsapato yakeyake.

Cholakwika si kunena kuti ubwino uli pa ntchito, koma kutchula ntchitoyo mopupuluma. Anagamula ndani kuti ntchito ya nsapatoyi ndi kupalasa basi? Plato yemweyo, m'gawo la khumi la buku lomwelo, akunena kuti zingwe ndi chitsulo cha m'kamwa mwa hatchi amazipanga ndi wosoka zikopa ndi wosula, koma wodziwa mmene ziyenera kukhalira ndi wokwera hatchiyo. Wogwiritsa ntchito ndiye woweruza, osati wopanga. Tsono wogwiritsa ntchito nsapato si mwendo wozungulira pa pedulo ayi, ndi munthu amene ali pa ulendo, ndipo ulendo wa panjinga suyamba kapena kuthera pachishalo. Wakabaza wa ku Salima kapena ku Kasungu amadziwa zimenezi popanda kuwerenga buku lililonse. Pamchenga amatsika nkukankha, pachitunda chimodzimodzi ngati pakaliyala pali thumba la chimanga, pamatope amanyamula njinga, akafika pa siteji amaimirira kudikira makasitomala. Akabaza ambiri amapalasa atavala nsapato wamba kapena patapata, ndipo ngakhale umphawi uli ndi mbali yake pamenepo, ngakhale atapatsidwa yaulere nsapato ya Hinault sangathe nayo tsiku.

Wina anganene kuti chinthu chofuna kugwira ntchito ziwiri chimalephera zonse ziwiri: nsapato yofewa imadya mphamvu popalasa ndipo paulendo wautali pedulo imapweteka phazi. Mfundoyi ndi yoona, koma ikutsutsa patapata, osati nsapato yokonzedwa moganizira ntchito ziwirizo. Mu 1990 kampani ya ku Japan ya Shimano inatulutsa njira yotchedwa SPD, poganizira opalasa m'mapiri amene amatsika pafupipafupi. Kachitsulo kake nkakang'ono, ka mabawuti awiri, ndipo kamabisala m'kadzenje pakati pa mano a labala, kotero poyenda chimene chimaponda pansi ndi labalayo. Nsapato zambiri za mtundu umenewu zimauma pakati pomwe phazi limakankha pedulo, koma zimalola kupindika pang'ono chakuzala. Izi sizinabwere chifukwa chosiya zinthu theka. Zinabwera chifukwa wopanga anamvera wokwera, monga mmene Plato ananenera kuti ziyenera kukhalira.

Chotsutsa china ndi cholemera kuposa ichi. Kodi si zoona kuti luso lapamwamba limafuna kudzimana? Wopalasa njinga pa mpikisano amataya kuyenda bwino mwadala kuti apeze masekondi angapo, ndipo palibe amene angamuseke. Ndikuvomereza. Kwa iye ulendo wonse ulidi pachishalo, kumbuyo kwake kuli galimoto ya timu yonyamula zosowa zake, ndipo nsapato youma ija ikumutumikira ndendende. Koma zimenezi zikungotsimikiza kuti choyezera ndi moyo wa wovalayo. Wopita kuntchito mu London kapena Johannesburg, amene adzakwere masitepe a ku ofesi, akagula nsapato ya mpikisano sakusankha luso; akutengera maonekedwe a moyo umene si wake, nkulipira ndi mapazi ake. Nchifukwa chake poyesa nsapato m'sitolo sikokwanira kukhala pa benchi nkuimanga. Wogula ayende nayo, akwere masitepe, amvetsere ngati chitsulo chikugogoda pansi, aone ngati chidendene sichikuvuka, ndipo ayese chakumadzulo mapazi atatupako pang'ono, atavala masokosi amene azipalasira.