Kanyumba ka kuseri: ka mmisiri kapena ka mbale?

Kuseri kwa nyumba zambiri za m'tauni kumakhala kanyumba kamene kale munkagona wantchito. Lero nthawi zambiri mumangodzaza matumba a makala, njinga zothyoka ndi mipando yopanda miyendo. Tsiku lina mwana wa pakhomopo amene ali ndi luso lojambula zithunzi, kupeka nyimbo kapena kulemba nthano amakasesamo, namata ming'alu, naikamo tebulo, nanena kuti umu ndi mogwirira ntchito mwake. Mlandu umayambira pomwepo. Kumudzi kuli mwana wa mlongo wa bambo amene wapeza malo kusekondale ya m'tauni koma alibe pogona, ndipo mayi akuwerengera ndalama za lendi zimene kanyumbako kakadabweretsa. Kodi n'chilungamo kuti m'chipinda mugone gitala ndi zitini za penti pamene munthu akusowa potsamiritsa mutu?

Oikira kumbuyo mmisiri ali ndi mboni yamphamvu. Virginia Woolf, mlembi wa ku England, ndi mwamuna wake Leonard anagula nyumba yotchedwa Monk's House m'mudzi wa Rodmell mu 1919. Poyamba iye ankalembera m'kanyumba ka m'munda kamene kale kankasunga zipangizo zolimira, uku mwamuna wake akumusokoneza posankha maapozi m'kachipinda ka pamwamba. M'buku lake la mu 1929, A Room of One's Own, anafotokoza kuti mkazi sangalembe bwino popanda ndalama zakezake ndi chipinda chimene angadzitsekeremo. Mfundo yake inali yakuti luso la akazi ambiri linafera pakati pa mphika ndi mwana wolira, osati chifukwa chochepa nzeru. Izi n'zoona ndithu, ngakhale kuti Woolf analibe ana ndipo anali ndi antchito omuphikira, mwayi umene mtsikana wa ku Ndirande sangaulote.

Ngakhalenso makolo sankadabwa nako kudzipatula kotere. Wosula makasu anali ndi chipala chake chapadera, ndipo panalibe womutcha wodzikonda, popeza khasu lotuluka m'menemo linkalima munda wa aliyense.

Koma pali mboni ina imene imaziziritsa nkhongono. Dylan Thomas, mlakatuli wa ku Wales, anasamukira ku Laugharne mu 1949, ndipo anasandutsa kagalaja kakale koyang'ana kunyanja kukhala molembera. Zina mwa ndakatulo zake zotchuka zinabadwira m'menemo. Komabe mowa unamugonjetsa, moti zimanenedwa kuti mkazi wake Caitlin ankachita kumukiyira m'kanyumbamo masana kuti agwire ntchito. Anamwalira ku New York mu 1953 ali ndi zaka 39, nasiya mkazi, ana atatu ndi ngongole. Alendo amene amapita kukaona kanyumbako amasirira tebulo ndi zenera, koma mtengo wa ndakatulozo unalipidwa ndi anthu amene maina awo sali pachikuto cha buku.

Apa m'pamene pagona nkhani. Chitseko chotseka sichilenga luso, chimangochotsa chowiringula. Amene wapatsidwa chipinda watenga ngongole kwa onse amene adzimana kuti iye akhale phee: mayi amene wataya lendi, ndi msuweni uja amene azigona pabalaza n'kumapinda mphasa yake m'mamawa alendo asanafike. Mwambi wakuti kali kokha n'kanyama suletsa munthu kukhala yekha maola angapo. Umadzudzula amene waiwala kuti pali ena omusenzera denga.

Motero banja silingalakwe kufunsa mafunso owawa lisanapereke kiyi. Kodi mnyamatayu ankajambula kale pakhonde, pansi pa mtengo wa mango, asanalote za chipinda? Ngati ankatero, kumumana ndi kukwirira mbewu pamwala, ndipo msuweni angathe kupirira pabalaza. Ngati sankatero, pakutha pa mwezi kanyumbako kadzasanduka bwalo la bawo ndi macheza a anzake.

Chovuta n'chakuti phindu la msuweni limaoneka msanga, pakatha zaka zinayi satifiketi ili m'manja, pamene la mmisiri lingachedwe zaka makumi awiri, mwinanso osabwera konse. Bambo wogwira kiyi ayenera kugamula lero, sukulu zisanatsegulidwe.