Kodi ndende ikadzaza ndiye kuti chilungamo chachuluka?

Mukafika pagombe ku Makokola m'mamawa, dzuwa likungosuzumira kuseri kwa mapiri a tsidya lija, mudzapeza asodzi akukoka khoka. Mudikire mpaka lifike pamchenga, muwerenge nsomba zonse imodziimodzi, kenaka mumufunse mkulu wa khokalo kuti, "Achimwene, ndiye kuti m'nyanja muno muli nsomba zamtundu wokhawu basi?" Adzakusekani. Adzakuuzani kuti khoka limabweretsa zomwe maso ake alola, pamalo pomwe laponyedwa, panthawi yomwe laponyedwa. Likakhala la maso ang'onoang'ono likokolola kasawala ndi tiana ta nsomba zina, koma kampango wokhala kwakuya salidziwa n'komwe.

Ndayamba ndi nsomba chifukwa chaka ndi chaka timamva pawailesi apolisi akulengeza kuti milandu yatsika kapena yakwera ndi maperesenti akutiakuti. Ikatsika timaomba m'manja, ikakwera timakagula loko wina. Tikamva kuti akaidi achuluka, ena amati, "Eya, boma likugwira ntchito." Funso langa kwa inu awerengi ndi ili: kodi manambala amenewa amatiuza za kukula kwa uchimo m'dziko muno, kapena amangotiuza za maso a khoka lathu?

M'chaka cha 2003 ofesi yoona za chiwerengero ya National Statistical Office ku Zomba, mothandizana ndi bungwe la Institute for Security Studies la ku South Africa, idachita kafukufuku wosiyana ndi zomwe tidazolowera. Mmalo motsegula mabuku a polisi, idayenda khomo ndi khomo kufunsa anthu eni ake ngati wina adawalakwira. Zotsatira zake zidatuluka mu 2004 pamutu woti Crimes of Need. Zomwe zidapezeka n'zakuti umbanda wofala kwambiri udali kuba mbewu m'munda ndi kuba ziweto, ndipo milandu yambiri yotere siidafike kupolisi. Ena adakadandaula kwa amfumu, ena adangoti, "Mulungu ndiye akudziwa." Apa mpoonekeratu kuti buku la polisi ndi khoka chabe, nyanja ndi yaikulu kuposa pamenepo.

Nanga amene amakodwa ndani? Mu Malichi 2015, mkulu wina wogulitsa majumbo, a Mayeso Gwanda, adalawira cha m'ma 3 koloko m'bandakucha kupita ku Limbe kukachita geni yawo. Apolisi adawagwira panjira pamlandu womwe tonse timautcha vakabu, pansi pa gawo 184(1)(c) la malamulo a zilango, lamulo lomwe atsamunda adatisiyira. Munthuyu sadabe kanthu, sadamenye munthu. Pa 10 Januwale 2017 Khoti Lalikulu ku Blantyre lidagamula kuti gawo limeneli likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko lino. Tsono tangoganizani: zaka zonse zam'mbuyomo, ndi anthu angati adalowa m'buku la milandu chifukwa choyenda wapansi usiku? Kuno kunyanja geni ya usipa imayamba mabwato akamabwera ndi nyali zawo, tambala asanalire. Mayi wosenza beseni pa ola limenelo akadatha kusanduka nambala m'lipoti, pomwe woyenda pagalimoto pa ola lomwelo sadafunsidwe kanthu.

Ife a ku Mangochi tili ndi chifukwa china chokayikira manambala. Mu Febuluwale 1965 a Henry Masauko Chipembere ndi anthu awo adalanda boma la Fort Johnston, n'kukabwerera padoko la Liwonde. Pambuyo pake anthu ambiri a m'boma lino adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Mlakatuli Jack Mapanje, mwana wa kwa Kadango konkuno, adagwidwa mu 1987 n'kukakhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda woweruza aliyense kumuuza chomwe adalakwa. Nthawi yonseyo tinkauzidwa kuti dziko lili pa bata ndi mtendere. Anthu amenewa sadali m'buku la milandu poti mlandu panalibe, koma m'ndende adalimo. Buku limamvera mwini cholembera.

Ndikudziwa kuti wina akuti, "Iwe wolemba ndakatulo, sadakuberepo eti?" Funsoli ndi loyenera, ndipo sindilizemba. Msodzi amene wadzuka n'kupeza injini ya bwato lake kulibe, injini yomwe adagula ndi ngongole, safuna kumva nzeru za m'mabuku. Mayi amene mwana wake wagwiriridwa, banja lomwe m'bale wawo wachialubino adaphedwa mwankhanza, onsewa ali ndi ufulu woona wolakwayo akulandira chilango. Ndipo tidaona kale zomwe zimachitika anthu akataya chikhulupiriro mwa makhoti: amatenga teyala ndi petulo. Sindikunena kuti titsegule zitseko za ndende. Ndende ili ndi eni ake.

Koma tifunsane bwinobwino kuti chilango n'chiyani. Woweruza akati zaka zitatu, walanda munthuyo ufulu woyenda kwa zaka zitatu. Sadalamule kuti adwale chifuwa chachikulu, sadalamule kuti azigona chokhala ataphatikizana ndi anzake mpaka kucha, sadalamule njala. Pamlandu wa mkaidi Gable Masangano, womwe udagamulidwa mu Novembala 2009, oweruza adamva za nsima ndi nyemba kapena nandolo kamodzi patsiku, ndi za zipinda zothithikana zopanda mpweya. Adagamula kuti kuthithikana kotereku n'kuzunza munthu, ndipo adapereka miyezi 18 kuti boma lichepetse vutoli ndi theka. Patatha zaka khumi, malipoti a oyendera ndende ankaonetsabe kuti akaidi akuposa kawiri chiwerengero chomwe ndendezo zidamangidwira. Munthu wamba akanyozera chigamulo cha khoti timadziwa komwe amapita. Nanga boma likanyozera, mlandu wakewo umalembedwa m'buku liti?

Tsiku lina ndidakwera matola limodzi ndi mayi wina wachikulire amene adanyamula kathumba ka ufa ndi usipa wouma. Ndidawafunsa kuti, "Mayi, ulendo wa kuti?" Adati akukaona mwana wawo ali pa limandi, amamuganizira kuti adaba ukonde. Nditafunsa kuti wakhalako nthawi yaitali bwanji, sadatchule miyezi. Adati, "Mwana wanga, mbuzi ziwiri zatha ndi thiransipoti." Mkazi wa mnyamatayo adali atabwerera kwawo, mwana wamkulu atasiya sukulu n'kumakathandiza kukoka makoka a eni. Kaya adabadi kaya sadabe, ine sindidali woweruza, ndipo woweruza weniweniyo adali asadamuonebe kachiwiri.

Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Mu 2010 aphungu adaikanso malire a masiku omwe munthu angasungidwe podikira mlandu. Papepala zonse zili bwino. Koma m'lipoti la chaka mnyamata uja ndi nambala 1, pomwe chilango chake akuchigwira ndi anthu a nyumba yonse, anthu amene palibe adawaimba mlandu. Ndi chilungamo chanji chomwe chimayamba kulanga chisanaweruze, n'kulanganso amene sichidzawaweruza konse?

Si kuti tilibe poyambira. Mu 2007, pamlandu wa a Francis Kafantayeni ndi anzawo, khoti lidathetsa lamulo lokakamiza oweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha. Kuyambira mu 2015 milandu ya akaidi amenewa idamvedwanso umodziumodzi. Ofufuza adapita m'midzi kukafunsa achibale ndi mafumu za moyo wa munthu aliyense: adakula bwanji, mutu wake udali bwino kodi, tsikulo chidachitika n'chiyani. Anthu oposa 100 adatulutsidwa n'kubwerera kwawo, ndipo mafumu ambiri adawalandira. Chidasintha n'chiyani? Dzulo adali mulu umodzi wotchedwa "akupha", lero aliyense adafunsidwa dzina ndi mbiri yake. Chimodzimodzinso alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, amene kuyambira mu 2000 akhala akulowa m'ndende kukafukula anthu oiwalika ndi mafayilo awo.

Ngakhale bwalo la amfumu lili ndi phunziro. Funso loyamba pansi pa mtengo paja limakhala lakuti, "Wolakwiridwayu abwezeredwa chiyani?" Wakuba mbuzi amalipa mbuzi, mwini wake n'kubwerera kunyumba akukoka chingwe. Koma wakubayo akapita kundende, mwini mbuzi amabwerera chimanjamanja, kenaka msonkho wake womwe ndiwo ugule nandolo wodyetsa wakubayo. Sindikuti amfumu aziweruza milandu ya kupha kapena kugwiririra, ayi, ndipo nawonso ena amakondera. Ndikungoti pamilandu ya nkhuku, chinangwa ndi ukonde, kubweza ndi kugwira ntchito yothandiza mudzi kuli ndi nzeru kuposa kutumiza mnyamata kukaphunzira umbava kwa akatswiri.

Tsono manambala tisawataye, koma tiwafunse mafunso ena. Apolisi akatiuza kuti agwira anthu angati, atiuzenso kuti mwa iwo angati adapezeka olakwa. Andende akatiuza kuti akusunga angati, atiuzenso kuti angati sadaweruzidwe, akhala masiku angati, angati amwalira ali m'manja mwa boma, ndi angati adatuluka n'kubwereranso. Makhoti atiuze kuti mlandu wa wakuba nkhuku umatha m'masiku angati, ndipo wa wakuba ndalama za boma, monga ija ya Cashgate ya mu 2013, umatha m'zaka zingati. Manambala amenewo ndiwo angatiuze ngati ndife anthu achilungamo, poti akuyeza ife ogwira khoka, osati nsomba zokha.

Alangizi a zausodzi amaletsa khoka la maso ang'onoang'ono, ndipo chaka chilichonse mu Novembala amatseka usodzi wa makoka kuno kumwera kwa nyanja. Chifukwa chake mwana aliyense wa pagombe amachidziwa: ukakokolola kasawala lero, mawa chambo kulibe. M'ndende mwathu ambiri ndi anyamata, a msinkhu womanga nyumba, kulima ndi kupalasa bwato. Mukadzamvanso pawailesi kuti chaka chino agwidwa ochuluka kuposa chaka chatha, musafulumire kuomba m'manja. Muyambe mwafunsa kuti agwidwawo ndani, ndipo mayi wawo watsala ndi mbuzi zingati.