Ampulifaya ikakhala chete, tiloze ndani?

Ampulifaya yopanga wekha ikakana kulira, anthu sathamangira kunena za mawaya. Ku mpingo kwathu mnyamata wa kwaya atayatsa yake ya TDA2030 Lamlungu m'mawa, sipika inangoti zii. Mayi ena anati, "Ameneyu ndi Satana, sakufuna uthenga umveke." Bambo wina ananong'ona kuti pali wansanje waigwira. Ine ndimakonza mawailesi, komanso ndine munthu wopemphera, ndiye funsoli limandikhudza ndithu: kodi kutulutsa mita n'kuyamba kuyeza, anzako atagwada, n'kuchepa chikhulupiriro?

Ndikuti ayi. TDA2030, mbali ya ampulifaya imene imakweza mawu, ili ndi miyendo isanu. Wachisanu umalandira moto, wachitatu umapita ku negetivu, wachinayi ndi wotulukira mawu. Mukaipatsa mavoti 12 a batire, mwendo wachinayi uyenera kuonetsa pafupifupi 6, nyimbo isanayambe n'komwe. Ukaonetsa 0 kapena 12, mwadziwa kale koyambira. Mukakhudza ndi chala waya wolowera mawu, sipika iyenera kung'ung'udza, chifukwa thupi lanu limatola moto wa ESCOM wa m'mawaya a m'nyumba, umene umasinthasintha ka 50 pa sekondi. Ikang'ung'udza, ampulifaya ili moyo ndipo vuto lili kumene nyimbo ikuchokera.

Zonsezi zimatheka chifukwa moto ulibe tsankho. Lamulo limene Georg Ohm anafalitsa mu 1827 limagwira ntchito chimodzimodzi kwa abusa ndi kwa chidakwa, ku Karonga ndi ku Nsanje. Ohm sanalipange, anachita kulipeza lilipo kale. Apa ndi pamene chikhulupiriro changa chimatsamira. Ndimayeza chifukwa ndimadalira kuti Namalenga sasintha malamulo ake usiku kuti andisocheretse. Zinthu zikanakhala zongochitika mwachisawawa, mita ikanakhala chidole basi.

Pa bolodi la mnyamata uja, mwendo wachinayi unaonetsa 0. Titalitembenuza tinaona kuti mtovu wa pa mwendo wachisanu unali wotuwa, wobulungira ngati njere ya mapira, utangokhala pamwamba osagwira mkuwa. Chowotcherera chinali chisanatenthe bwino. Titautenthanso mtovuwo unayenderera n'kuwala, ndipo kwaya inaimba.

Sindikunena kuti choipa kulibe, kapena kuti mita imayankha zonse. Singandiuze chifukwa chimene mwana wa mnzanga anafera ali wamng'ono. Pamenepo ndimagwada ngati wina aliyense. Chimene chimandiwawa ndi liwiro limene timalumphira pa dzina la munthu tisanatembenuze n'komwe bolodi. Mawu akuti "wansanje" sakhalitsa opanda mwini. Posakhalitsa amapeza nkhope, ndipo kawirikawiri imakhala ya gogo wosauka wopanda womuyankhulira. M'Malawi muno okalamba amenyedwapo, ena kuphedwa kumene, pa nkhani zotere, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Lamulo la Mose nalo limaletsa umboni wonama. Kunamizira mnzako mlandu wa mtovu wozizira ndi tchimo, ngakhale utanena uli m'kachisi.

Inu amene ampulifaya yanu yakana kulira, pempherani ngati mtima ukutero, pemphani maso akuthwa ndi kudekha. Kenako ikani waya wakuda wa mita pa negetivu, wofiira pa mwendo wachisanu, muone ngati mavoti 12 akufika musanatchule dzina la munthu aliyense.