Kulowa Dzina

Ndinakaona pa maloboti a pa Manda Hill, ndili m'minibasi yopita ku tauni: kamotoka kofiira, kobulungira ngati dzira, malaiti ake ngati maso a mwana wodabwa. Kondakitala anaseka nati, "Ako n'kacidole, si motoka." Ine ndinakazindikira. Kanali ka Fiat 500, ndipo dzina la Fiat si lacilendo kwathu ku Matero. Ambuya anga aamuna anali makanika, ndipo kuseri kwa nyumba kunali Fiat 127 yopanda mawilo, yokhazikidwa pa mabuloko, mmene nkhuku zinali kuikira mazira. Inali imodzi mwa zija zomangidwa ku Livingstone m'masiku a Kaunda.

Fiat 500 yoyamba inatuluka pa 4 July 1957 mumzinda wa Turin ku Italy. Dzikolo linali likali kupola mabala a nkhondo, ndipo mabanja ambiri anali kupanikizana pa njinga yamoto imodzi, bambo, mai ndi mwana. Injiniya Dante Giacosa anawapangira kanthu kosakwana ndi mamita atatu omwe m'litali. Injini inali kumbuyo, ya masilinda awiri, 479cc, yozizira ndi mphepo cabe, yopanda radiyeta. Denga linali la nsalu. Zonsezi sizinali zokometsera ai. Kanali kang'ono cifukwa matumba a ogula anali aang'ono. Pamene analeka kukapanga mu 1975, anali atagulitsa timotoka pafupifupi 4 miliyoni.

Patapita zaka 50 ndendende, pa 4 July 2007, ku Turin komweko anacita phwando lalikulu pa mtsinje wa Po poonetsa Fiat 500 yatsopano, yojambulidwa ndi Roberto Giolito. Nkhope ndi yomweija. Koma injini inasamukira kutsogolo, thupi linatalika ndi theka la mita, mafupa a pansi anabwereka kwa Fiat Panda, ndipo anali kuimanga ku Tychy m'dziko la Poland. Mtengo wake unaposa wa Panda yemweyo. Mu 2011 anatulutsa ina yovala dzina la Gucci.

Funso limene linandigwira m'minibasi muja ndi ili: kodi kamotoka aka kali ndi ufulu woyankha ku dzina limeneli?

Kwathu kulowa dzina si nkhani ya nkhope. Mkulu akamwalira, abale amakhala pansi n'kusankha womulowa m'malo. Amam'patsa covala kapena ndodo ya malemu, koma cimene walandira kwenikweni ndi ana amasiye, nkhongole ndi milandu yosatha. Palibe amene amafunsa ngati mphuno zifanana. Tikayesa ndi muyeso umenewo, Fiat 500 yatsopano inatenga jekete n'kusiya ana. Nchito ya yakale inali kunyamula wosauka. Ya iyi ndi kukondweretsa maso a amene akanatha kugula motoka yaikulu akadafuna.

Komabe sindifuna kuiweruza mofulumira. Palibe amene ananamizidwa. Wogula adziwa cimene akugula. Ndiponso ndani angafune kuti abwezedi yakaleyo monga inalili? Kanali kacitini kamene pa ngozi sikanali kuteteza munthu, pamene yatsopano inabwera ndi ma airbag 7. Ndipo mdzukulu wa munthu uja amene anagula motoka yake yoyamba mu 1960, kodi walakwa ciani akafuna kukumbukira agogo ake ali pa mpando wofewa? Kukumbukira si chimo.

Cimene cimandisowetsa mtendere n'cakuti umphawi ukatha, maonekedwe ake amasanduka malonda. Ambuya anali kubisa zigamba za pa maondo akamapita ku chalichi. Ine ndinalipirapo ndalama zambiri kugula jinzi yong'ambidwa dala, kuposa imene inali yathunthu pa salaula. Ndinavala cithunzi ca kusowa kwao popanda njala yake. Sindidziwa ngati kumeneko n'kuwalemekeza kapena kuwaseka, ndipo ndikayika ngati a ku Turin adziwa.

Mukandifunsa amene analowadi dzina la kamotoka ka 1957, ndingaloze Vitz yakutha yocokera ku Japan, imene imanyamula matumba a unga m'komboni, kuthamangitsa wodwala ku cipatala pakati pa usiku, ndi kubwera ku Chingwere itadzaza anthu 7. Sifanana nako m'pang'ono pomwe. Palibe adzaicitira phwando pa mtsinje.

Nkhaniyi sikanandiluma conco cikhala kuti ine sindine Fiat 500 wa m'banja mwathu. Dzina la ambuya anandipatsa pobadwa, ndipo pa maliro ao akuluakulu anandiveka jekete lao ndi kundipatsa bokosi la masipanala. Amai ndi ang'ono ao amandiitana kuti "atate." Onse amati ndinatenga cipumi ndi kayendedwe. Jeketelo ndimalivala pa zithunzi za pa Facebook, ndipo anzanga amalikonda. Bokosi lija sindinalitsegulepo.

Sabata yatha amai ang'ono ananditumira meseji: "Atate, mwana wanu am'bweza ku koleji, zatsala K1,800." Ndalamazo ndili nazo. Ndakhala ndikuzisunga miyezi inai kuti ndigule foni. Mesejiyo ikali pomwepo, ndi timizere tiwiri ta buluu, ndipo lero ndi Lacisanu.