ZA LUDZU LA MTIMA: CIPHUNZITSO CA BUDDHA NDI NJIRA YA TANTRA

Pali funso limene silisankha mtundu wa anthu, pakuti lipeza Mmwenye monga lipeza Mcewa, ndipo ndi ili: Kodi munthu acite nao ciani moto wa zilakolako umene uyaka m'cifuwa mwace? Auzime kodi, kapena aphikepo cakudya? Musayese kuti ndilo funso la ophunzira okha. Mwamuna wogulitsa mbuzi ya ana ace cifukwa ca mowa alidziwa. Mkazi wosowa tulo popeza mnzace wafolera nyumba ndi malata alidziwanso. Mwezi uno tifuna kuika pamaso panu mayankho awiri ocokera kwa anthu a kum'mawa otsata Buddha, kuti tiwayese pamodzi.

Makolo athu ena anawaona anthu amenewa ndi maso. Pa nkhondo yaikuru yaciwiri asilikari a K.A.R. a dziko lathu anaoloka nyanja kunka ku Ceylon, kumene lero kuchedwa Sri Lanka, m'caka ca 1943, ndipo m'caka ca 1944 anamenya nkhondo ku Burma m'cigwa ca Kabaw. Kumeneko kuli nyumba zopembedzeramo zosongoka pamwamba, ndi amuna ometa mpala, obvala nsaru zacikasu, oyenda m'mamawa ndi mbale zao kukalandira cakudya pa makomo. Kunena kuti awa ndi opembedza mafano basi, ndi kupitirira, nkwapafupi. Koma akuru anati ali dere nkulinga utayenda naye.

Buddha si dzina la munthu, koma atanthauza Wogalamuka. Mwini dzina anali Siddhartha Gautama, mwana wa mfumu ya pfuko la Sakya, wobadwira ku Lumbini m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka ngati 500 asanabadwe Ambuye wathu. Mbiri yao iti analeredwa m'zokoma zokha, kufikira tsiku lija anaturuka kubwalo naona nkhalamba, ndi wodwala, ndi mtembo. Ali ndi zaka 29 anasiya mkazi wace ndi mwana wace, nazunza thupi lace ndi njala zaka 6, osapeza kanthu. Pamenepo anadya, nakhala pansi patsinde pa mtengo wa mtundu wa mkuyu ku Bodh Gaya, ndipo kumeneko, ati, maso a mtima wace anatseguka. Ulaliki wace woyamba anaulalikira anzace 5 ku Sarnath pafupi ndi Benares. Naphunzitsa zaka 45, namwalira ali ndi zaka 80.

Mau ace oyamba ndiwo dukkha. Ambiri awamasulira kuti zowawa, koma aposa apo: ndiko kusakhazikika kwa zinthu zonse, kumene kupezeka ngakhale m'kati mwa cimwemwe. Tsiku la ukwati nalonso dzuwa lilowa; nkhokwe yodzala mwezi wa Juni iri kale pa ulendo wa kukhala yopanda kanthu mwezi wa Januwale. Mau aciwiri ndiwo tanha, ndiko kunena ludzu. Buddha anati muzu wa dukkha ndi ludzu ili: ludzu la zokondweretsa thupi, ludzu la kukhalabe ndi kukula, ndi ludzu la kuthawa zimene tidana nazo. Anaonjeza kuti ludzu likhoza kutha, ndi kuti pali njira ya mbali 8 yolithetsera, yokhudza maganizo, kalankhulidwe, nchito ndi kusunga mtima. Izi azicha zoona zinai. Otsata ace a m'midzi asunga malamulo 5: kusapha camoyo, kusaba, kusacita cigololo, kusanama, ndi kusamwa zoledzeretsa. Mkristu ali yense akamva malamulo awa sadzawayesa acilendo.

Tiyambe taona cimene tiyenera kuciyamika. Pakati pathu tsoka likagwa, funso loyamba kuturuka pakamwa ndi lakuti, Wandicita ndani? Ndipo maso agwera nkhalamba ya tsidya lija la mudzi. Anthu a Buddha ali ndi nkhani ya mkazi dzina lace Kisa Gotami, amene mwana wace mmodzi yekha anamwalira, ndipo iye anayenda ndi mtembo m'manja kupempha mankhwala. Buddha sanamuombezere ula, sanaloze munthu cala. Anamtuma akatenge njere za mpiru, koma ku nyumba imene sinaonepo maliro. Mkaziyo anagogoda khomo ndi khomo. Mpiru unalipo ponse ponse, koma nyumba yosalira maliro sanaipeze. Pofika madzulo anazindikira yekha, nakaika mwana wace. Tikaganiza za amai okalamba opitikitsidwa m'midzi, ena kuphedwa kumene, cifukwa ca mwana wofa ndi malungo, tiona kuti munthu uyu wosadziwa Malembo anagwira cinthu cimene obatizidwa ambiri asanacigwire, cakuti imfa ilowa nyumba zonse popanda woituma wa pamudzi.

Patsogolo pace mau ayamba kulimba. Anicca ndiko kuti palibe cokhalitsa. Apa sitikangana nao, pakuti Mlaliki wa m'Cipangano Cakale anaona comweco. Koma anatta ndi kwina: ndiko kuti mwa munthu mulibe mwini wosasinthika, mzimu wokhala cikhalire. Tifanizire ndi nyumba. Cotsani udzu, cotsani phaso, zulani nsici, gumulani dothi. Nyumba iri kuti? Iwo ati munthu ali comweco: thupi, kumva, kuzindikira, kufuna ndi kudziwa zaunjikana kanthawi, ndipo mulu umenewo tiucha Uje. Munthu akafa, nchito zace zocitidwa mwadala, zimene azicha karma, ziyatsa moyo wina monga nyali iyatsa nyali inzace. Ndipo kubadwa ndi kufa kumeneku kobwereza-bwereza akucha samsara. Cipulumutso cao ndi nirvana, mau otanthauza kuzima: kuzima kwa moto utatu wa umbombo, udani ndi kupusa, kotero kuti palibenso kubadwa.

Za karma tinene mwacilungamo. Buddha mwini anaphunzitsa kuti si zowawa zonse zicokera ku nchito zakale. Zina zidza ndi ndulu, zina ndi kusintha kwa nyengo, zina ndi ciwawa ca anthu. Koma ciphunzitso cikafika pa msika cisiya zina m'njira, ndipo nkwapafupi kuuza wopunduka kuti alikulipa mlandu wa moyo umene saukumbuka. Ophunzira a Yesu anali ndi mtima wotere pamene anafunsa za munthu wobadwa wosaona, ndipo Ambuye anakana kuika mlandu pa iye kapena pa akumbala.

Tinenenso kuti Buddha sanaletse kufuna konse. Anasiyanitsa ludzu lokangamira ndi kufuna zabwino, nalamulira cifundo kwa zamoyo zonse, cimene acicha karuna. Cifukwa cace kusiyana kwathu ndi iwo kuli pa malo ocepa, koma akuya. Kisa Gotami anacira pamene analeka kugwiritsa mwana wace. Koma Yesu pa manda a Lazaro analira misozi, naitana wakufayo ndi dzina lace. Ngati mulibe mwini mwa munthu, aitanidwa ndani? Akhululukidwa ndani? Ife tikhulupira kuti mai wolira mwana uyu, wosati ana onse a dziko koma uyu wa cipsera pa bondo, sadwala nthenda ya maganizo iai. Akonda cinthu cimene Mlengi anacipanga kamodzi, nacidziwa. Ciphunzitso ca Buddha cilibe Mlengi, ndipo cimuuza munthu aoloke mtsinje ndi manja ace.

Zitapita zaka mazana, panauka gulu lochedwa Mahayana, ndilo Cotengera Cacikuru. Iwo anakweza bodhisattva, munthu wolumbira kuti sadzafuna mpumulo wa iye yekha, koma adzagwira nchito kufikira zamoyo zonse zitamasuka. Mphunzitsi wao wamkuru Nagarjuna, wa zaka za m'ma 100 kapena 200 atabadwa Ambuye, anaphunzitsa sunyata, kuti palibe kanthu kokhala pa kokha, koma zonse zitsamirana. M'gulu limeneli ndimo munaphuka yankho laciwiri, locititsa cidwi ndi mantha pamodzi.

Dzina lace ndi tantra, mau otengedwa ku ulusi woyalidwa poomba nsaru. Inakula ku India kuyambira zaka za m'ma 600, ndipo njira yace ichedwa Vajrayana. Vajra ndiyo mphezi, ndiponso mwala wa daimondi wosasweka. Padmasambhava anaitengera ku Tibet m'zaka za m'ma 700, masiku a mfumu Trisong Detsen, pamene anamanga nyumba ya odzipatula ya Samye. Ndipo Kukai anabwera nayo ku Japan kucokera ku China m'caka ca 806. Maganizo ace ndi awa: ngati palibe kanthu kokhala ndi cikhalidwe cace cosasinthika, pamenepo cilakolako ndi mkwiyo siziri zoipa m'muzu mwao, ziri mphamvu cabe, ndipo wodziwa akhoza kuzitembenuza. Afanizira ndi mbalame ya pikoko, imene ati idya zomera zaululu ndipo nthenga zace zionjeza kuwala. Njira yakale iti, Thawa ululu. Tantra iti, Usandutse mankhwala, ndipo udzafika m'moyo uno womwe kumene ena afikako atabadwa kosawerengeka.

Pocita izi agwiritsa thupi, mau ndi mtima. Ca thupi ndi mudra, kapindidwe ka manja ndi zala. Ca mau ndi mantra, mau afupi obwerezedwa kambirimbiri. Ku Tibet awalembanso pa mapepala ndi kuwaika m'zotengera zozungulira, nazizungunza ndi dzanja. Ca mtima ndi kudziona wekha m'maganizo monga uli kale Buddha, wokhala pakati pa mandala, ndico cithunzi ca nyumba yacifumu ya zipata zinai. Odzipatula a ku Tibet amajambula mandala ndi mcenga wa mawanga-mawanga masiku ambiri, ndipo itatha aisesa, nakathira mcengawo mumtsinje, kuti aphunzitse anicca. Koma munthu salowa njira iyi yekha. Ayenera kulowetsedwa ndi mphunzitsi, guru kapena lama, pa mwambo wa abhisheka, ndiko kutsanulira madzi. Alumbira malumbiro ochedwa samaya, a kusaulula zinsinsi kwa osalowa, ndi a kusanyoza mphunzitsi wace, amene amuyesa Buddha mwini. Wokulira pafupi ndi dambwe sadzasowa womfotokozera mphamvu ya lumbiro lotere.

Mabuku ena a tantra anena za nyama, za mowa, ndi za kukhalira pamodzi kwa mwamuna ndi mkazi monga mbali ya mwambo. Aphunzitsi ambiri a ku Tibet awerenga izi ngati mafanizo: mwamuna aimira cifundo cogwira nchito, mkazi aimira nzeru. Koma analipo ena ozicita monga zinalembedwa, ndipo cisokonezo cinakula kotero kuti mafumu a kumadzulo kwa Tibet anaitana Atisha kucokera ku India. Iye anafika m'caka ca 1042, naletsa odzipatula miyambo ija yoononga lumbiro lao la kusakwatira. Pambuyo pace Tsongkhapa, wobadwa m'caka ca 1357, analimbitsanso mwambo, nati munthu asakhudze tantra asanakhazikike m'makhalidwe ndi m'cifundo. Tsono ngozi ya njira iyi anayamba kuiona ndi eni ace.

Nanga ife tinena ciani? Tantra inaona coona cimodzi, cakuti moto wokwiriridwa ndi phulusa sunazime. Tonse tidziwa munthu amene analeka mowa nasanduka wouma mtima, woledzera ndi cilungamo cace, kotero kuti ana ace amuopa koposa kale. Ludzu lace langosintha citsime. Augustine wa ku Hippo, Mkristu wa kuno ku Afrika amene anamwalira m'caka ca 430, anaphunzitsa kuti chimo ndilo cikondi cosokonezeka malo, cokonda cacing'ono koposa cacikuru. Ndipo mankhwala ace ndiwo kuciongola, kosati kucipha. Apa tiyandikana ndi tantra koposa ndi njira ya kuzima. Koma tisiyana pa funso la woongolayo. Tantra ikhulupira luso la munthu wolangizidwa m'tseri. Ife tiona kuti mtima wofuna cinthu ndiwo mboni yonama pa mlandu wace womwe. Amene afuna kulawa ululu sacedwa kudziyesa pikoko, angakhale ali nkhuku.

Ndipo cinsinsi cikakomana ndi mphunzitsi wosafunsika, wofoka ndiye apsa, kawiri kawiri mkazi kapena mwana. Ici sicili ca ku Tibet kokha. Pakati pa ochedwa Akristu alipo ogulitsa madzi ndi mafuta m'mabotolo, monga Simoni wa ku Samariya anayesa kuti mphamvu ya Mulungu igulidwa ndi ndalama. Alipo onena pemphero ngati cithumwa, nawerenga kubwereza kwace. Alipo oitana mkazi wa mwini usiku kuti akampempherere pa yekha, namuuza kuti kwa odzozedwa cimene cioneka chimo sicili chimo. Amenewo agwira ciphunzitso ca ululu wosanduka mankhwala popanda ngakhale malire amene Atisha anaika.

Cifukwa cace tipempha akuru a mpingo ndi atsogoleri a amai m'midzi kuti anene ici poyera m'makalasi mwezi uno, makamaka kwa anamwali ndi amasiye. Mphunzitsi ali yense, kaya mlaliki, kaya mneneri woyendayenda, kaya mmodzi wa ife olemba m'kalata muno, akauza munthu kuti, Ici usauze mwamuna wako, kapena, Usauze akuru, womvayo apite nao mau amenewo kwa akuru awiri tsiku lomwelo. Ndipo akuruwo amuitane mphunzitsiyo adzawanenenso pamaso pao.